Margaret Rousseau: injiniya amene adachulukitsa penisilini

Ambiri amene adadutsa kusekondale amalidziwa dzina la Alexander Fleming, dokotala wa ku Scotland amene adatulukira penisilini mu 1928 akugwira ntchito pachipatala cha St Mary's mumzinda wa London. Chimene mabuku a sukulu sakonda kutchula n'chakuti padadutsa zaka zoposa 15 mankhwalawa asadayambe kupezeka okwanira odwala. M'zaka zonsezo anthu adapitiriza kumwalira ndi zilonda zonyeka, chibayo ndi matenda ogwira amayi akangochira kumene. Ngakhale pamene mphamvu ya penisilini idatsimikizika, padalibe amene ankadziwa kumupanga wochuluka.

Mwa anthu amene adathetsa vutoli mudali mayi wa ku America, Margaret Hutchinson Rousseau. Iyeyu ndiye mkazi woyamba m'dzikolo kulandira digiri ya udokotala pa maphunziro a uinjiniya wa makemikolo, ndipo amakumbukiridwa monga injiniya amene adajambula mapulani a fakitale yoyamba yopanga penisilini wogulitsa. Kafukufuku amene adamupatsa digiriyo adali wa nkhani yooneka yaing'ono, ya momwe mpweya umalowera m'madzi. Patangotha zaka zochepa, nkhani yomweyo ndiyo idasanduka phata la ntchito yopulumutsa miyoyo.

Mtsikana wa mumzinda wa mafuta

Margaret Hutchinson adabadwa pa 27 Okutobala 1910 mumzinda wa Houston, m'chigawo cha Texas. Bambo ake adali ndi sitolo yogulitsa zovala. Houston ya masiku amenewo inkakula mofulumira chifukwa cha mafuta. Mu 1901 chitsime chachikulu cha mafuta chidaphulika pamalo otchedwa Spindletop, kummawa kwa mzindawu, ndipo mu 1914 adatsegula ngalande yodutsa sitima zapamadzi yolumikiza Houston ndi nyanja. M'mbali mwa ngalandeyo mudayamba kumangidwa mafakitale oyenga mafuta, okhala ndi nsanja zachitsulo ndi mapaipi osawerengeka. Mwana wokulira mumzinda wotero ankaziona zinthuzi, koma amene ankazijambula, kuzimanga ndi kuziyendetsa adali amuna okhaokha. Ngakhale ufulu woponya voti amayi a ku America adaupeza m'dziko lonse mu 1920, Margaret ali pafupi kukwanitsa zaka 10.

Mwayi wake woyamba udali sukulu ya ukachenjede ya Rice Institute, yomwe lero ndi Rice University. Sukuluyi idatsegulidwa mu 1912 ndi chuma chimene adasiya mponda matiki wina, William Marsh Rice. Ophunzira sankalipira fizi, ndipo kuyambira tsiku loyamba inkalandira anyamata ndi atsikana omwe. Komabe chitseko chimenechi chidali chotsekukira azungu okha: anthu akuda adayamba kulandiridwa pa Rice m'zaka za m'ma 1960. Margaret adalandira digiri yake yoyamba ya sayansi pasukuluyi mu 1932.

Chidali chaka choipa kwa munthu wofuna ntchito. Chuma cha America chidali chitagwa kuyambira mu 1929, mabanki ankatsekedwa, ndipo pofika mu 1933 pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse oyenera kugwira ntchito adali lova. Makampani ankachotsa mainjiniya aamuna odziwa kale ntchito, choncho mtsikana wongotuluka kumene sukulu adalibe chiyembekezo chenicheni. Margaret adasankha kupitiriza maphunziro. Adasiya kwawo n'kupita kutali kumpoto, ku Massachusetts Institute of Technology, yomwe anthu amangoti MIT, mumzinda wa Cambridge, kutsidya kwa mtsinje kuchokera ku Boston.

Maphunziro a mphika waukulu

Pofuna kumvetsa chimene Margaret adakaphunzira, ndi bwino kulingalira za kusiyana kwa nsima ya anthu awiri ndi nsima ya pamwambo wa anthu 500. Ufa ndi womwewo, madzi ndi omwewo, koma mumphika waukulu pansi pamapserera pamwamba pasadapse, mibulu imachuluka, mthiko wamba umachepa ndipo moto umafuna kusonkhezera kwina. Katswiri wa kemisitiri amatulukira chinthu m'kabotolo ka m'labotale. Injiniya wa makemikolo ndiye amafufuza momwe chinthu chomwecho chingapangidwire m'mathanki a malita zikwizikwi tsiku ndi tsiku, mosaononga, mosaika anthu pachiswe komanso pamtengo woti anthu angakwanitse. Amawerengera kayendedwe ka kutentha, kayendedwe ka madzi m'mapaipi, kukula kwa ziwiya ndi mphamvu imene makina adzafune.

MIT idali chimake cha maphunziro amenewa. Idayamba kuwaphunzitsa mu 1888, ndipo mu 1915 katswiri wina, Arthur D. Little, adapereka ganizo limene lidawapatsa maziko. Iye adaona kuti fakitale iliyonse, kaya ya shuga, ya sopo kapena ya mafuta, imagwira ntchito zochepa zofanana: kutenthetsa, kuziziritsa, kusefa, kuumitsa, kusakaniza ndi kutcheza. Munthu wodziwa bwino ntchito zimenezi payokhapayokha angathe kuzilumikiza n'kupanga fakitale ya chinthu chilichonse. Kutcheza kumene amachita oyenga mafuta n'kofanana ndi kwa wophika kachasu: chimene chimawira msanga chimakwera monga nthunzi, n'kukazizira mumpope, n'kudontha chitapatukana ndi zotsalira. Mu 1920 maphunzirowa adakhala nthambi yoima payokha motsogozedwa ndi Warren K. Lewis, ndipo pomwe Margaret ankafika nthambiyi idali yotchuka padziko lonse.

Akazi sadali alendo otheratu pa MIT, koma mbiri yawo idali ya kulekereredwa osati kulandiridwa. Woyamba, Ellen Swallow, adalowa mu 1871 monga wophunzira wapadera wosalipira kanthu. Iye ankayesa kuti amuchitira chifundo chifukwa cha umphawi, koma pambuyo pake adazindikira kuti akuluakulu adafuna kukhala ndi pothawira: wina akadadandaula, akadayankha kuti mayiyo sadali wophunzira weniweni. Swallow adalandira digiri mu 1873 ndipo adadzatchuka ndi ntchito yoyeza ukhondo wa madzi akumwa, koma udokotala umene ankaufuna sukuluyi sidamupatse. Patatha zaka 60, akazi pa MIT adali akadali makumi ochepa pakati pa amuna zikwi, ndipo sukuluyi idalibe nyumba yogona ophunzira aakazi mpaka mu 1945.

Kunja kwa sukulu zinthu zidali zolimba kuposa pamenepo. Nora Stanton Blatch, amene adamaliza maphunziro a uinjiniya wa zomangamanga ku Cornell mu 1905, adaloledwa kukhala membala wamng'ono chabe m'bungwe la mainjiniya a ntchitoyo. Atapempha umembala weniweni adamukaniza, adakasuma kukhoti mu 1916 ndipo mlandu sudamukomere. Mtsikana wolowa uinjiniya m'zaka za m'ma 1930 ankadziwa kuti angathe kukhoza mayeso onse koma osapeza womulemba ntchito, kapena bungwe lomuvomereza kuti ndi mnzawo.

Momwe mpweya umalowera m'madzi

Kafukufuku wa Margaret adali pa ntchito imodzi mwa zija za m'fakitale: kumwetsa mpweya m'madzi. Aliyense amene adatsekulapo botolo la chakumwa chozizilitsa kukhosi adaonapo mpweya ukutuluka m'madzi. Kuulowetsamo ndiyo ntchito yovuta, ndipo mafakitale ambiri amaidalira, kaya pochotsa utsi woipa kapena popanga asidi. M'zaka za m'ma 1920 aphunzitsi awiri a pa MIT, Lewis uja ndi Walter G. Whitman, adafotokoza kuti pamene mpweya ndi madzi zakumana pamakhala timiyalo tiwiri topyapyala kwambiri, kena kumbali ya mpweya, kena kumbali ya madzi. Ngakhale madzi atavundulidwa bwanji, timiyaloti timakhala ngati tangoima, ndipo mpweya umayenera kudutsamo pang'onopang'ono. Liwiro la ntchito yonse limadalira timiyalo timeneti.

Margaret adafufuza kamuyalo ka kumbali ya madzi, pofuna kudziwa momwe mtundu wa mpweya wosungunukawo umasinthira kuvuta kwa kudutsa kwake. Ntchito yotere imafuna kudekha kwa woona maso a nkhono: kuyeza, kulemba, kusintha chinthu chimodzi chokha, kuyezanso, kwa miyezi yambiri. Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 1937 m'magazini ya akatswiri, m'nkhani imene adalemba pamodzi ndi Thomas K. Sherwood, mphunzitsi amene adali katswiri wamkulu pa nkhani zimenezi. M'chaka chomwecho, chimene adakwanitsa zaka 27, MIT idamuveka udokotala wa sayansi pa uinjiniya wa makemikolo.

Adapeza ntchito kukampani ya E. B. Badger and Sons ya ku Boston. Kampaniyi idayamba m'zaka za m'ma 1800 monga ya amisiri osula ziwiya zamkuwa, kuphatikizapo zotchezera, ndipo idakula n'kukhala yojambula ndi kumanga mafakitale athunthu a mafuta ndi makemikolo. Kumeneko adakumana ndi injiniya mnzake, William Rousseau, ndipo adamanga banja pa 1 Meyi 1939. Adabereka mwana mmodzi wamwamuna. Masiku amenewo mkazi wophunzira akakwatiwa anthu ankayembekezera kuti asiye ntchito, ndipo makampani ena ankachita kumuchotsa. Margaret adakhalabe patebulo lake lojambulira mapulani.

Nkhondo ifuna rabara ndi petulo

Patangotha miyezi inayi chikwatiwire, Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse idabuka ku Ulaya, ndipo America idalowamo mu Disembala 1941 Japan itaphulitsa doko la Pearl Harbor. M'miyezi yotsatira asilikali a Japan adalanda Malaya ndi zilumba zimene lero ndi Indonesia, komwe kunkachokera pafupifupi magawo 90 mwa 100 a rabara amene America inkagwiritsa ntchito. Popanda rabara palibe tayala la galimoto kapena la ndege. Boma lidasonkhanitsa makampani kuti apange rabara kuchokera ku makemikolo a m'mafuta ndi m'mowa. Mu 1941 dziko lonselo lidapanga matani 231 okha a rabara wa mtundu umene unkafunikawo. Pofika mu 1945 linkapanga matani pafupifupi 70,000 mwezi uliwonse.

Margaret adayang'anira ntchito yojambula ena mwa mafakitale okhudza rabara ameneyu, ndipo adagwiranso ntchito pa njira zopangira petulo wamphamvu wa ndege zankhondo, amene amalola injini kupanikiza mafuta kwambiri popanda kugogoda. Ntchito zonse ziwiri zimadalira nsanja zotchezera zimene zimalekanitsa makemikolo owira pa kutentha koyandikana kwambiri, ndipo m'kati mwa nsanja zotero nthunzi ndi madzi zimakumana monga m'kafukufuku wake uja. Nkhondo idakokera amayi mamiliyoni m'mafakitale kukalowa m'malo mwa amuna opita kunkhondo, ambiri ataphunzitsidwa kwa milungu yochepa chabe. Margaret nkhondo idamupeza ali kale ndi maphunziro onse, woyenera kutsogolera ntchito.

Mankhwala a m'mabotolo

Nthawi yomweyo ku Britain nkhani ya penisilini idali itadzukanso. Chimene Fleming adaona mu 1928 chidali nkhungu yobiriwira, ya mtundu wa ija imamera pa buledi wokhalitsa imene ena amati chuku. Nkhunguyo idagwera m'kambale kake kolereramo mabakiteriya, ndipo mabakiteriya oyandikana nayo adafa. Fleming adalemba zimene adaonazo mu 1929, koma adalephera kupatula mankhwalawo ku msuzi umene nkhunguyo inkameramo, chifukwa sankachedwa kuonongeka.

Patatha zaka 10, gulu la akatswiri a ku yunivesite ya Oxford, lotsogozedwa ndi Howard Florey ndi Ernst Chain, lidaitola nkhaniyo. Pa 25 Meyi 1940 adabaya mbewa 8 ndi mabakiteriya akupha, zinayi n'kuzipatsa penisilini. Pomwe kunkacha, zinayi zosalandira mankhwala zidali zitafa, zinazo zili moyo. Koma munthu si mbewa, amafuna mankhwala ochuluka kwambiri. Nkhunguyo inkangomera pamwamba pa msuzi wosaya, pomwe imapeza mpweya, choncho mnzawo Norman Heatley adasonkhanitsa chiwiya chilichonse chophwatalala chimene akadapeza: mabotolo, zitini, ngakhale ziwiya zimene odwala ogonekedwa amadzithandiziramo. Adalemba atsikana 6 kuti azisamalira ziwiyazo. Pankafunika malita pafupifupi 2,000 a msuzi kuti papezeke mankhwala ochiza munthu mmodzi wodwala kwambiri.

Kuchepa kumeneku kudaonekera pa wapolisi wina wa zaka 43, Albert Alexander, amene mabakiteriya adamulowa m'magazi mpaka adataya diso. Adalandira penisilini koyamba pa 12 Febuluwale 1941, ndipo m'tsiku limodzi lokha kutentha kwa thupi kudatsika, iye n'kuyamba kudya. Mankhwala atayamba kuchepa, madokotala ankatenga mkodzo wake n'kupatulamo penisilini kuti amubayenso. Patatha masiku asanu adatheratu. Matenda adabwerera ndipo Alexander adamwalira pa 15 Malichi.

Mafakitale a ku Britain adali otanganidwa ndi nkhondo komanso ankaphulitsidwa ndi mabomba, motero mu Julayi 1941 Florey ndi Heatley adapita ku America kukapempha thandizo. Adawatumiza kulabotale ya boma ya zaulimi mumzinda wa Peoria, m'chigawo cholima chimanga cha Illinois. Kumeneko Andrew Moyer adapeza kuti nkhunguyo imabereka penisilini wochuluka kwambiri ikadyetsedwa madzi otsala ponyika chimanga m'mafakitale a sitalichi, madzi ofanana ndi matsukwa a mphale. Mu 1943 labotale yomweyo idapeza mtundu wina wa nkhungu pa vwende lovunda la pamsika wa mumzindamo, ndipo mtunduwu unkatha kumera utamira m'kati mwa msuzi. Ngakhale zidali choncho, mankhwala adali akadali ochepa zedi. Mu Malichi 1942 mayi wina wa ku New Haven, Anne Miller, amene adali pafupi kufa atapita padera, adachira ndi penisilini wosadzaza ndi supuni yaikulu yomwe, koma ameneyo adali theka la penisilini yense wa m'dziko la America. Mayiyo adakhala ndi moyo mpaka mu 1999.

Kuchoka m'botolo kulowa m'thanki

Makampani ena adayesa kungochulukitsa mabotolo, zikwi mazanamazana, lililonse lofuna kutsukidwa, kudzazidwa ndi kukhuthulidwa ndi manja. Njira imeneyi sikadakwanira gulu lankhondo. Chimene chinkafunika chidali kulera nkhunguyo m'mathanki akuya, kuti imere mumsuzi wonse kuyambira pansi mpaka pamwamba. Apa ndi pamene ntchito idachoka m'manja mwa madokotala n'kulowa m'manja mwa mainjiniya, ndipo Margaret adali mmodzi mwa amene adaisenza.

Vuto loyamba lidali mpweya. Mowa wa masese umawira wokha mumbiya popanda woupemerera, koma nkhungu ya penisilini imapuma, ndipo ikasowa okosijeni kwa kanthawi kochepa imaleka kubereka. Tsoka lake n'lakuti okosijeni salowa wambiri m'madzi: lita imodzi imasunga mamiligalamu pafupifupi 8 okha, omwe nkhungu yochuluka imawamaliza m'kanthawi kochepa. Kudafunika kupopera mpweya pansi pa thanki usana ndi usiku, n'kuuphwanya ndi zovundulira zamphamvu kuti ukhale tinthubwinthubwi ting'onoting'ono. Okosijeni wa m'kanthubwi kalikonse amayenera kudutsa kamuyalo kopyapyala ka kumbali ya madzi asadafike ku nkhungu. Kamuyalo kameneka ndi komwe kaja Margaret adakayeza kwa zaka pa MIT.

Mavuto ena adatsatana. Nkhungu ikamakula msuzi umalimba ngati phala, ndipo mpweya umavutika kuyendamo. Kuvundula mopitiriza muyezo kumadula timizu ta nkhunguyo. Msuzi wa chimanga ukapoperedwa mpweya umachita thovu lofuna kusefukira, ndipo adalithetsa pothiramo mafuta a nkhumba osakaniza ndi mankhwala ena. Nkhungu yopuma imatulutsa kutentha, choncho mathanki adafuna mapaipi a madzi ozizira. Choopsa kuposa zonse chidali tizilombo tachilendo. Mabakiteriya ena amatulutsa chinthu chimene chimaphwanya penisilini, ndipo ochepa chabe akalowa m'thanki ntchito ya masiku angapo imapita pachabe. Motero thanki, paipi ndi chotsekera chilichonse chinkayenera kuphikidwa ndi nthunzi, ndipo mpweya wonse wopoperedwawo unkayenera kusefedwa kuti ulowe wopanda kachilombo.

Thanki ikapsa, ntchito ina inkayamba. Penisilini amakhala wochepa kwambiri m'nyanja ya msuzi, ndipo amaonongeka ndi kutentha komanso asidi. Ankasefa nkhunguyo, kuziziritsa msuziwo, kuthiramo asidi pang'ono kuti mankhwala asamukire m'madzi ena osungunulira, kenaka n'kuwabwezera msanga m'madzi oyera asadaonongeke. Pomaliza ankawaumitsa ali oundana kuti akhale ufa woika m'timabotolo. Gawo lililonse mwa amenewa lidali imodzi mwa ntchito zija zimene ophunzira a pa MIT ankaphunzira payokhapayokha. Udindo wa wojambula fakitale udali kuzilumikiza zonse, kuwerengera kukula kwa chiwiya chilichonse, ndi kutero mofulumira m'nyengo imene chitsulo chomwe chinkachita kugawidwa ndi boma, popanda fakitale ina yakale yoti aonereko.

Kumayambiriro kwa 1944 mafakitale a mathanki akuya adayamba kugwira ntchito. Ya kampani ya Pfizer ku Brooklyn, mumzinda wa New York, idatsegulidwa mu Malichi m'nyumba imene kale inkapanga madzi oundana, ndipo idali ndi mathanki 14, iliyonse ya malita pafupifupi 28,000. Boma lidali litasonkhanitsa makampani 21 pa ntchitoyi. Mu 1943 America idapanga mayuniti 21 biliyoni a penisilini, mu 1944 idapanga 1,663 biliyoni, ndipo mu 1945 idapitirira 6,800 biliyoni. Pamene asilikali a mayiko ogwirizana ankatsikira pagombe la Normandy ku France pa 6 Juni 1944, padali patakonzedwa milingo 2.3 miliyoni ya mankhwalawa. Mu Malichi 1945 penisilini adayamba kugulitsidwa kwa anthu wamba m'masitolo a mankhwala a ku America. Mtengo wa mayuniti 100,000, umene udali madola 20 mu 1943, udatsika kufika pansi pa masenti 10 mu 1949.

Ulemu wobwera pang'onopang'ono

Mu 1945 mphotho ya Nobel ya zachipatala idapita kwa Fleming, Florey ndi Chain. Mphothoyo imaperekedwa kwa anthu osapitirira atatu, ndipo imalemekeza otulukira. Heatley, Moyer ndi mainjiniya mazanamazana amene adasandutsa zotulukirazo kukhala mankhwala a m'chipatala sadali m'gulumo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la penisilini lidasenzedwa ndi mitu yambiri imene maina ake sadamveke kunja kwa ntchito yawo.

Margaret ulemu udamufika kuchokera kwa anzake a ntchito. M'chaka chomwecho cha 1945, bungwe la American Institute of Chemical Engineers lidamulandira monga membala wake woyamba wamkazi. Bungweli lidakhazikitsidwa mu 1908, kutanthauza kuti lidakhala zaka 37 popanda mkazi, ndipo Margaret adalowamo patatha zaka 8 chilandirire udokotala. Mu 1955 bungwe la amayi a uinjiniya la Society of Women Engineers, lomwe lidali ndi zaka zisanu zokha, lidamupatsa mphotho yake yaikulu.

Nkhondo itatha, makampani ambiri adabweza amayi kunyumba kuti amuna obwera kunkhondo apeze malo. Margaret adapitiriza ntchito, ndipo kampani ya Stone and Webster itagula Badger mu 1951 adagwira pansi pa eni atsopanowo. Adajambula mafakitale a ethylene glycol, mankhwala amene amathiridwa m'madzi oziziritsa injini komanso amapangira nsalu za poliyesitala, ndi a asidi wa m'viniga wosasungunula, amene amagwiritsidwa ntchito popanga utoto, zomatira ndi mankhwala. Adakonzanso mtundu watsopano wa mbale za m'kati mwa nsanja zotchezera, zoboolaboola ndi zopindika ngati malata a denga, zothandiza kuti nthunzi yokwera ndi madzi otsika zikumane bwino. Mpaka kumapeto kwa ntchito yake adakhalabe pa funso lomwe adayamba nalo ali wophunzira, la chimene chimachitika pamene mpweya wakumana ndi madzi.

Adapuma pantchito mu 1961 ali ndi zaka za m'ma 50, ndipo pambuyo pake adatumikira m'gulu loyang'anira oimba a Boston Symphony Orchestra. Mu 1983 bungwe lija la mainjiniya a makemikolo lidamupatsa mphotho yake yapamwamba ya Founders Award, ndipo adali mkazi woyamba kuilandira. Adamwalira pa 12 Januwale 2000 kunyumba kwake ku Weston, m'chigawo cha Massachusetts, ali ndi zaka 89. Mu 2017 bungwelo lidakhazikitsa mphotho ya dzina lake, yoperekedwa kwa injiniya wamkazi amene watumikira ntchitoyi moyo wake wonse ndi kutsegulira njira akazi ena.

Mathanki akuya sadathere pa penisilini. Nkhondo itangotha, njira yomweyo idagwiritsidwa ntchito popanga streptomycin, mankhwala oyamba ogonjetsa chifuwa chachikulu, ndipo lero imapangira mankhwala ambiri opha mabakiteriya komanso insulini wa odwala matenda a shuga. Amoxicillin amene mwana wodwala chibayo amalandira pachipatala chaching'ono cha kumudzi kuno ku Malawi ndi wa m'banja la penisilini, monganso jakisoni amene mayi woyembekezera amabayidwa akapezeka ndi chindoko kuti mwana abadwe wamoyo. Onsewa amayambira m'thanki yachitsulo momwe nkhungu imadyetsedwa, kuvundulidwa ndi kupoperedwa mpweya wosefa, potsata mawerengero a mtundu umene mtsikana wa ku Houston adapita kukaphunzira ku MIT m'nyengo imene sukuluyo idalibe ngakhale chipinda choti wophunzira wamkazi agonemo.